Momwe mungagwiritsire ntchito zigoba ndi sewero kuti ana amvetse nthano

Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina yakumudzi m'boma la Dedza, ndipo m'kalasi mwanga muli ana opitirira 90. Ndikamakamba nthano onse amavomera "Tili tonse" mpaka malata kulira, koma ndikafunsa chifukwa chimene Kalulu anachitira zakutizakuti, manja amakwera atatu okha. Zinayamba kusintha nditawaveka ana nkhope za nyama n'kuwauza kuti nthanoyo aisewere okha. Nayi njira yake, ndipo ikhoza kuthandizanso alezi a sukulu za mkombaphala.

Yambani ndi nthano yokhala ndi nyama zambiri komanso yobwerezabwereza zochitika. Ine ndimakonda ya chitsime ija: kwagwa chilala, nyama zikukumba, Kalulu akukana, kenako akubwera usiku ndi uchi kudzapusitsa alonda mmodzimmodzi mpaka Kamba kumugwira ndi ulimbo wapamsana. Ikambeni masiku awiri kapena atatu musanatchule za zigoba.

Zipangizo musavutike nazo. Pepala la manila ndi lodula ndipo limang'ambika tsiku lomwelo. Makatoni a sopo kapena a bisiketi ndiwo olimba, ngakhale masiku ano eni magolosale ambiri sakuperekanso ulere, ndiye pitani kwa amene mumagulako mchere tsiku ndi tsiku mukanenerere. Guluu wam'mabotolo opanda dzina wapamsika musagule. Ndinagulapo wina, atamuthira madzi, moti makutu a Njovu anagwa tisanatuluke n'komwe m'kalasi. Phikani phala lopyapyala la ufa wa chinangwa, limamata bwino. Zomangira kapempheni kwa telala, tinsanza ta chitenje timene amataya. Lasitiki wogulitsidwa pamtetete amakhala atapsa ndi dzuwa, amangoduka. Mitundu ilipo kale pakhomo: makala, choko ndi dothi la katondo.

Musanadule katoni ngakhale imodzi, kalankhuleni ndi makolo. Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa kwambiri.

Chaka choyamba ndinapangitsa ana zigoba zophimba nkhope yonse. Pofuna kuti zikongole, tinamata nthenga za nkhuku pamutu pa zina, Mkango tinauikira manyenje a khonje, nkhope zina n'kuzipaka katondo. Poweruka ndinawalola kupita nazo kwawo kuti akaonetse amayi awo. Panjira anyamata ena anazivala n'kuyamba kuthamangitsa atsikana ndi tizikoti, akulira mawu a chilombo. M'mawa mwake ndinapeza anthu akundidikira ku ofesi ya ahedi. Makolo opemphera ankati ndikulowetsa ana awo kudambwe mwakabisira. Akuluakulu a mudzi, otumidwa ndi amfumu, ankati ndanyoza mwambo popatsa ana osameta zinthu zofanana ndi zakumzinda kuti azisewera nazo. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, ndipo ndinapepesa ndi mtima wonse. Kuno kwathu chigoba si choseweretsa. Gule Wamkulu ndi chinthu cholemekezeka, UNESCO inamuzindikira mu 2005, ndipo amene munafikako ku Kungoni, malo osungirako za chikhalidwe ku Mua, mukudziwa kuti nkhope iliyonse ili ndi dzina ndi chiphunzitso chake. Sabata imeneyo ana asanu ndi awiri sanabwere kusukulu, ndipo zinandiwawa chifukwa ena anali omwe aja anali atangoyamba kuyankha m'kalasi.

Tsopano ndimachita chonchi. Ndimayamba ndafotokozera ahedi, komiti ya sukulu ndi amayi a mother group, n'kuwaonetsa chitsanzo chimodzi m'manja. Amfumu amamva kudzera kukomiti nkhani isanafike ndi ana. Zigoba zathu zimalekezera pamphuno, pakamwa ndi chibwano zili poyera, mwakuti aliyense akuona kuti uyu ndi mwana wa uje. Za Kalulu ndi Fisi nthawi zina timangopanga lamba wakumutu wokhala ndi makutu. Nthenga, khonje, ziguduli ndi sanza zolendewera sitiikako. Ndipo palibe chigoba chimatuluka pasukulu, zonse zimagona m'katoni ku ofesi. Ndinadzazindikiranso kuti pakamwa pakakhala poyera mawu a mwana amamveka mpaka kumbuyo, pamene kale ankangong'ung'udza m'katoni.

Kudula ndi kuboola maso chitani nokha madzulo, lezala asagwire mwana. Mabowo a maso akhale aakulu ndithu kuti asapunthwe. Ana ntchito yawo ndi kujambula ndi kumata, ndipo kuphunzira kumayambira pomwepa. Muziyendayenda mukufunsa: "Fisi wakoyu ukumujambula wokondwa kapena wamanyazi? Pamenepa n'kuti Kalulu atamumanga kale kapena asanamumange?" Mwana amene sanaimve nthano amaonekera apa, ndipo mnzake wapambali amamukumbutsa.

Posewera tulukani panja pansi pa mtengo. Jambulani chitsime pansi ndi phulusa. Ovala zigoba akhale asanu ndi mmodzi, Njovu, Mkango, Fisi, Nyani, Kamba ndi Kalulu, ena onse akhale nyama zokumba, aziponda pansi ndi kuimba. Musawalembere mawu oti aloweze. Inu nenani "Padangokhala", fotokozani pang'ono, imani, iwo apitirize m'mawu awoawo. Akasokoneza ndondomeko musafulumire kukonza, funsani oonerawo ngati zinayenda choncho. Mudzamva mkangano wabwino kwambiri.

Kenako khazikani mmodzi pampando, chigoba chili kumaso, anzake amufunse mafunso. Mtsikana wina wosayankhula m'kalasi atavala Kamba anafunsidwa chifukwa chake sanathawe Kalulu akumumenya. Anayankha kuti, "Ndimafuna amatirire manja onse ndi miyendo yomwe." Zimenezo ine sindinawauzepo.

Sinthanani magulu tsiku lililonse, ndipo Kalulu asamangokhala mwana wochenjera yemweyemweyo. Lachisanu aliyense ajambule choyamba, chapakati ndi chomaliza m'kope mwake. Zigoba ziyanikeni padzuwa musanasunge, chifukwa phala la chinangwa likachita chinyezi limachita nkhungu ndipo limaitana makoswe.