Musanavomereze pulani ya mapaipi, yambirani kumene pampu ikukokera madzi

Pulani ya mapaipi ikafika pa tebulo, maso amathamangira pa pampu: ndi ya makilowati angati, ikankha madzi ochuluka bwanji. Komatu pampu yabwinobwino imatha kufa chaka chisanathe chifukwa cha paipi yokokera madzi, yomwe pa pepala imaoneka ngati kamzere kachabe. Yambirani pamenepo.

Funso loyamba kwa wojambula pulani likhale ili: madzi a mumtsinje kapena m'damu munawayeza liti? Muyezo wa mu Marichi ndi wonyenga. Wofunika ndi wa mu Okutobala ndi Novembala, madzi ataphwera kwambiri.

Pampu payokha sikoka madzi. Mpweya wotizungulirawu ndi umene umawakankhira m'paipi, ndipo mphamvu yake imachepa malo akamakwera. Mphamvuyi timaiyeza ndi mamita amene ingakweze madzi m'paipi: ku Nchalo imafika pafupifupi mamita 10.2, pamene ku Lilongwe kapena ku Blantyre, komwe ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndi 9.2 basi. Tiyerekeze kuti pampu ili mamita 4 pamwamba pa madzi. Pa 9.2 chotsanipo 4, chotsaninso mita imodzi yotayika madzi akamakhukhuzana ndi paipi, sefa ndi futi valavu (valavu ya kunsi kwa paipi yoletsa madzi kubwerera), kenako 0.3 ya nthunzi ya madzi otentha madigiri 25. Mwatsala ndi 3.9. Tsegulani tsopano buku la pampuyo muone nambala ya NPSH imene opanga akufuna, kutanthauza mphamvu imene iyenera kutsala madzi akamalowa m'pampu. Ngati alemba 4, pulaniyo ibwezeni. Nambala yanu iyenera kuposa yawo ndi theka la mita, makamaka mita yathunthu. Zikapanda kutero madzi amapanga tithovu tomwe timaphulikira pa impela (gudumu lozungulira la m'kati mwa pampu lokankha madzi), pampu n'kumalira ngati mwathiramo nsangalabwi. Imeneyo ndiye cavitation, ndipo impela imatuluka itadyeka mabowomabowo. Mankhwala ake ndi kutsitsa pampu kufupi ndi madzi, kukulitsa paipi kapena kuifupikitsa.

Za kukula kwa paipi, musalole kuti wojambula angotengera kukamwa kwa pampu. Pampu ya makiyubiki mita 100 pa ola ikhoza kukhala ndi pakamwa pa mamilimita 100, koma m'paipi yotere madzi amathamanga mamita 3.5 pa sekondi. Mu ya 150 amayenda 1.6, mu ya 200 amayenda 0.9. Kokokera timafuna asapyole 1.5, kotulutsira asapyole 2.5. Mukachepetsa kukula kwa paipi ndi theka, mphamvu yotayika imachuluka maulendo pafupifupi 30, ndiye ndalama yomwe mwapulumutsa kusitolo mudzailipira mwezi ndi mwezi pa bilu ya magetsi.

Onetsetsani kuti paipi yokokerayo ikukwera pang'onopang'ono mpaka pa pampu, popanda linunda pomwe mpweya ungabisale. Pochepetsera paipi pakhale eccentric reducer (cholumikizira chopendekera mbali imodzi yokha), mbali yosalala ili pamwamba. Amisiri amaitembenuza kawirikawiri, choncho zilembedwe pa pulani. Chigongono (cholumikizira chokhota) chisagundane ndi pampu: pakati pake pakhale paipi yowongoka yotalika kasanu kuyerekeza ndi kukula kwake, kuti madzi alowe mofanana mbali zonse za impela. Futi valavu imire mokwanira kuti pamwamba pasachite kamvuluvulu wokoka mpweya, koma ikwere ndi theka la mita kuchoka pansi, isamameze mchenga.

Kotulutsira, ndondomeko ndi yodziwika: geji yoyezera mphamvu ya madzi, non-return valve (valavu yoletsa madzi kubwerera ku pampu), kenako valavu yotsekera. Mapaipi akhale pa zogwiriziza zawozawo, asalemere pampu, chifukwa kulemera kumeneko kumapotoza shafiti n'kupha mabeyaring'i.

Pomwe mapulani ambiri amakhala chete ndi pa funso lakuti chidzachitike n'chiyani magetsi akathima mwadzidzidzi. Madzi amene anali kukwera phiri amabwerera n'kumenya valavu. M'paipi yachitsulo, kuimitsa mwadzidzidzi madzi oyenda mita imodzi pa sekondi kumawonjezera mphamvu yokwana mamita pafupifupi 100, kapena kuti mabaa 10. M'mapaipi apulasitiki a PVC ndi HDPE imachepa, koma mapaipiwo ndi ofooka poyerekeza ndi achitsulo. Kalasi ya paipi isankhidwe powerengera kumenya kumeneku, osati kutalika kwa phiri kokha. PVC ya kalasi 9 imapirira mamita 90. Ngati pampu ikukankha kale 75, malo otsala ndi ochepa kwambiri. Pa mzere wautali wokwera, funsani ngati pali thanki yolandira kumenyako kapena valavu yotseka pang'onopang'ono.

Tsatirani mzerewo ndi chala mpaka ku thanki. Pamsonga iliyonse pakhale valavu yotulutsa mpweya, m'chigwa chilichonse pakhale yotsukira matope. Pokhota ndi pamphambano pakhale konkire yotsamira dothi lolimba losakumbidwa, pakuti chigongono cha paipi ya 150 pa mabaa 10 chimakankhidwa ndi mphamvu ya matani awiri ndi theka, ndipo joini ya labala singaigwire. Mu pulanimo mulembedwenso kuti mapaipi adzayesedwa ndi madzi pa mphamvu yoposa ya masiku onse ndi theka, majoini akadali poyera, ngalande isanakwiriridwe.