Corned beef wanga anasiya kuwawa mchere ndi kulimba

Ulendo woyamba ndinalakwitsa zinthu zitatu. Nyama inatuluka yolimba, mchere unali wosadyeka, ndipo shuga amene ndinapaka pamwamba anapserera mpaka kuda.

Corned beef si wa m'chitini yekha ayi. Amene ndikunena pano ndi chidale cha ng'ombe chomwe anachiviika m'madzi a mchere wapadera wosungira nyama (wokhala ndi nitrite) kwa masiku angapo, n'chifukwa chake chimakhalabe chofiirira ngakhale chitapsa. Mchere umenewo umalowa mpaka mkati. Ndiye ulendo wachiwiri ndinaiviika nyamayo m'madzi ozizira usiku wonse mufiriji, ndikusintha madziwo kawiri.

Kulimba kuja vuto linali moto. Chidale chili ndi mitsempha yambiri, ndipo imafewa pokhapokha ikapsa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Poyamba ndinkawiritsa mwamphamvu kuti zifulumire. Tsopano nyama ya makilogalamu 1.5 ndimaiika m'poto ndi anyezi, karoti ndi madzi omiza nyama yonse, moto wochepa kwambiri, kwa maola 3. Foloko ikalowa mosavuta, basi yapsa.

Zotsekemera zimabwera pomaliza. Ndimasakaniza masipuni 3 a shuga wabulauni, 2 a masitadi ndi 1 wa uchi, n'kupaka mbali ya mafuta. Mu uvuni wa madigiri 200 imangokhala mphindi 15 kapena 20, ndipo sindichoka pafupi, poti shuga sachedwa kupserera.

Ikatuluka ndimadikira mphindi 15, kenako n'kudula mopingasa ulusi wa nyamayo, tizidutswa topyapyala. M'msuzi wotsala m'poto ndimaphikiramo kabichi ndi mbatatesi.