Jombo yayasama? Musathamangire supa guluu

Mvula yayamba ndiye ino ndi nyengo yomwe jombo zambiri zimayasama ngati ng'ona, soli kutsogoloku kumangoti phaa phaa ukamayenda. Ife oyenda m'minda tsiku ndi tsiku timazidziwa izi, chimodzimodzi anzathu onyamula katundu wa alendo pa phiri la Mulanje, munthu wokwera mpaka pa Sapitwa mamita 3,002 nsapato yake imaona zakuda ndithu. Ndiye ndati ndikutsineniko khutu momwe mungaikonzere pakhomo.

Musanagule chilichonse tayang'anani kaye soliyo. Jombo zambiri zokwerera mapiri zomwe timatola pa kaunjika zimakhala ndi magawo awiri kunsi, mphira wolimba wopondera pansi ndi kasiponji kofewa pakati kamene amati PU kapena polyurethane. Kasiponji kameneka kakakhalitsa kamayamwa chinyezi n'kuyamba kufumbutuka, makamaka nsapato ikangosungidwa osavalidwa, ndiye mutha kuiona pamsika yowala bwinobwino koma mkatimo inafa kalekale. Ine zinandionekera. Ndinagula ina yooneka ngati yatsopano, tsiku lachitatu ndili kudimba kwa mlimi wina soli yonse inatsalira m'matope, ine kumabwerera ndi chikopa chokha kuphazi ana akundiseka njira yonse. Ndiye kandani pakatipo ndi chikhadabo, pakamayoyoka ngati buledi wouma kapena kunanda m'zala iwalani za guluu, palibe poti agwire. Imeneyo ndi ya osoka nsapato, akapale zofumbwazo zonse aike soli ina, ena amadula tayala lakale la galimoto n'kusokerera, imalemerako koma imakhalitsa.

Koma ngati yangomatuka chabe, mphira uli bwino, imeneyo ndi yanu.

Supa guluu ayi chonde. Akauma amalimba gwa ngati galasi pomwe nsapato imapindika phazi lililonse lomwe mwaponda, ndiye amangothetheka, komanso amasiya chikhambi choti guluu wabwino sagwiranso mpaka mutapala. Gulani kontakiti, wachikasu uja wa m'kachitini kapena m'kachubu, monga Pattex kapena Genkem, amapezeka mu hadiweya.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timafuna kumata usiku mawa tivale. Tsukani kaye matope onse ndi mswachi wakale mpaka mkatikati mwa poyasamapo, muumitse pamthunzi ngakhale masiku awiri, chifukwa guluu sagwira ponyowa kapena pafumbi olo atakhala wodula bwanji. Pakauma kwechani mbali zonse ziwiri ndi sandipepa, ngati mulibe kachidutswa ka hakiso kamathandiza, guluu wakale achoke pakhale pokhakhala, kenako pukutani ndi kansalu konyowetsa sipiriti. Pakani guluu pang'ono chabe, mbali zonse ziwiri, kusoli ndi kuchikopa, mupinge kamtengo pakati zisagundane. Ndiye dikirani. Mphindi 10 mpaka 15, mukakhudza ndi chala asakumatireni, aoneke ngati wauma. Anthu amaona ngati wawonongeka akafika pamenepa koma ndiye wapsa. Lumikizani kamodzi molunjika bwino chifukwa kontakiti akagwira sabwereranso, menyani ndi hamala kuzungulira, mumange ndi malegeni zolimba, ikhale maola 24 osaivala. Ntchitoyi chitirani panja, kutali ndi mbaula kapena wosuta fodya, guluu ameneyu amayaka ngati petulo ndipo fungo lake limazunguza mutu.

Kwa ife oyenda m'matope guluu yekha sakwanira, ine ndimasokanso basi. Mufunika singano ya ngowe ija ya osoka nsapato, ena amapanga okha ndi sipoko ya njinga, ndi ulusi wa nayiloni wokhuthala. Ulusiwo ukwecheni pa kandulo kapena phula la njuchi kuti usamamwe madzi. Lembani kamzere ndi mpeni m'mbali mwa soli, kakang'ono chabe, kuti ulusi ubisale momwemo usamakhulike ndi miyala. Ulusiwo mbali ina ikhale mkati mwa jombo ina kunja, ndiye boolani kuchokera kunja, mukole ulusi wa mkati n'kuukokera kunja ngati kagoba, mulowetse ulusi wakunja m'kagobamo, mukoke mbali zonse ziwiri mpaka mfundo ibisale pakati, kenako bowo lina patali ngati theka la sentimita. Mabowo akathithikana kwambiri chikopa chimang'ambika ngati risiti. Pomaliza mangani n'kuwotcha nsonga ndi machesi. Samalani dzanja lomwe lili mkatimo, singano imeneyi ikalowa m'chala kutuluka kwake ndi nkhani ina.

Chenjezo limodzi, jombo zolembedwa Gore-Tex zili ndi kansalu mkati koletsa madzi, mukakaboola ndiye madzi azilowera pomwepo. Zimenezo sokani pokhapokha guluu wakanika, ndipo pamsokopo mupakepo guluu pamwamba.

Chikopa chikang'ambika pamwamba chigamba chimaikidwa mkati osati kunja, dulani kachikopa kofewa ka chikwama chakale, mupale m'mphepete kuti kasakutupitseni matuza, matani kenako sokani. Kuchidendene kukaperepeseka mkati ndi chimodzimodzi. Kachitsulo kokolera chingwe kakathothoka pitani nako kwa osoka, ali ndi chokhomera chake, sizodula.

Koma tinene zoona, jombo zambiri timazipha tokha ndi moto. Munthu wanyowa, wafika kunyumba, waiika pambali pa mbaula kapena pamwamba pa malata dzuwa likuswa mtengo, m'mawa yauma inde koma chikopa chakhwinyata chayamba ming'alu ndipo guluu wa soli wafewa walekerera. Chotsani kansoli ka mkati ndi zingwe, mufutiremo manyuzipepala, muzisintha akanyowa, iume pamthunzi podutsa mphepo. Ikauma pakani dabini, mafuta aja ofewetsa chikopa, kapena polishi wa Kiwi yemweyu makamaka popindikira zala ndi m'misoko. Mafuta ophikira ayi, amavunda n'kuitana makoswe, oyilo wa injini ndiye amawononga mphira ndi guluu yemwe. Ndipo mukangoona kakamwa kayamba kutseguka kutsogolo matani sabata yomweyo mchenga usanalowe, chifukwa mchengawo ndi womwe umapitiriza kumatula mpaka kuchidendene.