Momwe mungasankhire hatchi pa mpikisano n'kuulengeza pa intaneti

Ambiri akangoyamba kukonda mipikisano ya mahatchi amatsegula ndandanda ya tsikulo, n'kufufuza hatchi yomwe ili ndi ma 1 ambiri pambali pa dzina lake (1 aliyense ndi mpikisano womwe inapambana), basi asankha. Nthawi zina zimayenda, koma kawirikawiri ma 1 amenewo anapezeka pa mtunda wina, pa nthaka ina, hatchiyo itasenza katundu wina. Ntchito yonse yagona pa kufunsa ngati za lerozi zikufanana ndi za tsiku lomwe inapambana. Ndikhulupirira kuti kusiyana kwa mipikisano yodumpha mipanda ndi ya pabwalo losalala mukukudziwa kale, ndiye pamenepo sindichedwapo.

Choyamba: dziko limodzi, mpikisano umodzi

Mahatchi amathamanga pafupifupi tsiku lililonse ku Britain, Ireland, America, Australia ndi South Africa, ndipo dziko lililonse lili ndi miyeso yake. Musawatole onse. Sankhani dziko limodzi, muzolowere mabwalo ake ndi aphunzitsi ake. Zitsanzo zanga zambiri ndi za ku Britain chifukwa zolemba zake n'zosavuta kupeza. Poyamba tengani mpikisano wa mahatchi 8 mpaka 12. Grand National ya ku Aintree, yomwe inayamba mu 1839, n'njokoma kuonera, koma si pophunzirira: mahatchi ndi ochuluka, mipanda yodumpha ndi 30, ndipo hatchi yabwino imatha kugwa chifukwa cha inzake.

Ndandanda mudzaipeza kwa Racing Post, Timeform kapena Sporting Life, ndipo za ku America zili kwa Equibase ndi Daily Racing Form. Zina n'zaulere, zina amalipiritsa mwezi ndi mwezi. Musathamangire kulipira. Zaulerezo n'zokwana kwa munthu woyamba, ndipo ndalama yolembetsa imangodulidwa mwakachetechete ngakhale mwezi womwe simunatsegule n'komwe.

Chachiwiri: manambala a pambali pa dzina

Mukaona 31-402, werengani kuchokera kumanzere. Nambala ya kumapeto ndiyo mpikisano waposachedwa. Apa hatchi inakhala yachitatu, kenako inapambana, kamzereko kakusonyeza kutha kwa chaka kapena nyengo, kenako yachinayi, 0 kutanthauza kuti sinalowe n'komwe m'gulu la zisanu ndi zinayi zoyambirira, ndipo komaliza inakhala yachiwiri. F ndi kugwa, U ndi kugwetsa wokwera, P ndiye kuti wokwera anaiimitsa isanafike. C ikusonyeza kuti inapambanapo pabwalo limeneli, D pa mtunda umenewu, CD zonse ziwiri pamodzi. Mtunda amauyeza ndi furlong, yomwe ndi mamita 201, ndipo ma furlong 8 ndiwo mailosi imodzi.

Musathere pa manambalawo. Dinani mpikisano uliwonse muone kuti inatsalira motalika bwanji. Yachinayi yomwe inatsalira ndi khosi lokha pa mpikisano wapamwamba yaposa yoyamba yomwe inagonjetsa mahatchi ofooka.

Chachitatu: katundu

Pa mpikisano wa handicap, hatchi yamphamvu imasenza katundu wolemera kuposa zinzake kuti zonse zikhale ndi mwayi wofanana. Wokwera akapepuka, amawonjezera timapale ta mtovu m'nsalu ya pansi pa chishalo. Ku Britain akuluakulu a BHA, bungwe loyendetsa mipikisano ya mahatchi, amapatsa hatchi malikisi, kawirikawiri ikathamanga katatu, ndipo malikisi atsopano amatuluka Lachiwiri lililonse. Likisi imodzi ndi paundi imodzi ya kulemera. Hatchi ya malikisi 85 ikasenza 9-9, ya malikisi 78 idzasenza 9-2. Nambala yoyambayo ndi ma stone, yachiwiriyo ndi mapaundi, ndipo stone imodzi ndi mapaundi 14, pafupifupi makilogalamu 6.35. Ku South Africa amalemba makilogalamu, malikisi awiri kilogalamu imodzi.

Kuti muone mphamvu ya katundu, kumbukirani Grand National ya 1973. Crisp inasenza 12-0, Red Rum 10-5, kusiyana mapaundi 23. Crisp inatsogola kutali mbali yaikulu ya njira, koma chakumapeto miyendo inalemera, Red Rum n'kuipitirira pafupi ndi mzere womalizira.

Masamu ake ndi awa. Mpata wa pakati pa mahatchi amauyeza ndi kutalika kwa thupi la hatchi, pafupifupi mamita 2.4. Pa mtunda waufupi wa ma furlong 5, thupi limodzi amaliwerengera ngati mapaundi atatu. Pa mailosi imodzi ndi mapaundi awiri, pa mamailosi awiri ndi paundi imodzi. Tiyerekeze kuti hatchi A inagonjetsa hatchi B ndi matupi awiri pa mailosi imodzi, katundu ali wofanana. Ndiye kuti A ikuposa B ndi mapaundi anayi. Lero zakumananso, A yasenza mapaundi 7 kuposa B. Papepala, B ndiyo ili patsogolo ndi mapaundi atatu, ngakhale kuti 1 ali pambali pa dzina la A.

Onaninso kanambala ka pambali pa dzina la wokwera. Ku Britain, pa mipikisano ya pabwalo losalala, wokwera wophunzira amachotseredwa mapaundi 7 mpaka atapambana ka 20, mapaundi 5 mpaka ka 50, ndi mapaundi 3 mpaka ka 95. Mwana waluso amene akadali pa 5 ndi mphatso kwa mphunzitsi wa hatchi.

Chachinayi: nthaka, ndipo apa khalani pansi

Pano ndi pomwe panandigwetsa, ndipo pamagwetsa ambiri. Ndinawerenga mpikisano usiku, zonse zinagwirizana: katundu wabwino, mtunda wake womwewo, bwalo lomwe inapambanapo kale. Lipoti linati nthaka ndi good to firm, youma bwino. Ndinalemba pa tsamba langa molimba mtima, n'kukagona. Usiku kubwaloko kunagwa mvula yamphamvu. Pofika masana nthaka inali soft, ndipo hatchi yanga inkathamanga ngati munthu wovala nsapato za ukwati m'dambo, mutu m'mwamba, miyendo ikuterereka, wokwera akuikankha mtunda usanafike n'theka lomwe. Nditabwerera ku mbiri yake ndinapeza kuti inali itathamangapo kale m'matope ndipo sinachite kanthu. Zinali zolembedwa poyera, kungoti diso langa linali pa ma 1.

Ku Britain nthaka ya udzu amaitchula motere, kuchokera kouma kupita konyowa: firm, good to firm, good, good to soft, soft, heavy. Woyang'anira bwalo amayenda m'bwalomo m'mamawa, n'kuyeza ndi chipangizo chotchedwa GoingStick chomwe amachibaya pansi. Nambala ikakhala yotsika ndiye kuti pansi m'pofewa. Chenjerani, chifukwa ku Australia n'zotembenuza: amawerenga kuyambira Firm 1 mpaka Heavy 10, nambala yokwera ndiyo matope. Mukasakaniza ziwirizi mudzasankha hatchi ya matope pa tsiku la fumbi.

Chochita chake n'chotopetsa koma palibe chidule. Pa hatchi iliyonse, lembani papepala mipikisano yake yabwino itatu ndi nthaka yomwe inalipo. Kenako lembani mipikisano yake yoipitsitsa, ndi nthaka yakenso. Zina zimaonekera pompo: ma 1 onse pouma, ma 0 onse ponyowa. Zina sizisamala, zimathamanga paliponse, ndipo zimenezo ndi zomwe mungalembe usiku n'kugona tulo. Ngati hatchi sinathamangepo m'matope, yang'anani bambo wake. Ana a mahatchi ena aamuna amadziwika kuti amakonda pofewa, ndipo masamba a ndandanda amasonyeza momwe ana a bambo aliyense achitira pa nthaka iliyonse. Kanema amathandizanso. Hatchi yokweza mawondo kwambiri, yomenya pansi mwamphamvu, kawirikawiri imachita bwino pofewa. Yoponya miyendo chapansipansi, ngati ikungokhudza udzu, imafuna pouma.

Matope amatalikitsanso mpikisano ngakhale mamita ali omwewo. Hatchi yomwe imafika kumapeto kwa mailosi imodzi mpweya utatsala pang'ono kutha pouma, pa heavy siifika. Katundu nayenso amapweteka kwambiri pofewa, ndiye masamu a mapaundi aja muwaonenso mvula ikagwa.

Palinso china. Mvula ikagwa aphunzitsi amachotsa mahatchi awo m'mawa mwa tsikulo, ndipo mpikisano womwe munauwerenga uli ndi mahatchi 12 umatsala ndi 8. Ngati yomwe yachoka ndi ija imatsogolera liwiro, mpikisano wonse wasintha nkhope. Ku America zimafika poti mpikisano wa pa udzu amausamutsira pa dothi, ndiye zonse munawerenga zija zapita m'madzi. Mabwalo a mchenga wopanga, monga Polytrack ya ku Lingfield ndi Tapeta ya ku Newcastle, sasintha kwambiri ndi nyengo, n'chifukwa chake ena amayambira kumeneko. Koma hatchi yochita bwino pa mchengawo musaiwerengere kuti idzachitanso chimodzimodzi pa udzu.

Lamulo langa tsopano: usiku ndimalemba mahatchi awiri, ina ya pouma, ina ya ponyowa. Chisankho chenicheni chimadikira lipoti la m'mawa, ndipo ngati pali mpikisano wina woyambirira pabwalo lomwelo ndimauonera kaye kuti ndione ngati ziboda zikutukula zibuma.

Chachisanu: chipata ndi liwiro

Mabwalo ena ali ndi tsankho. Ku Chester bwalo n'lozungulira ndiponso lopanikiza, ndipo pa mitunda yaifupi hatchi yoyambira chipata cha nambala yotsika, pafupi ndi mpanda wa mkati, imakhala itapata kale. Werengani kuti ndi mahatchi angati omwe amakonda kutsogola. Akakhala atatu kapena anayi adzatopetsana, yobwera m'mbuyo n'kudzatola. Ikakhala imodzi yokha, ikhoza kuthawa osagwidwa. Pa ndandanda, kachilembo ka b ndi zophimba m'mbali mwa maso, ka t ndi chomangira lilime, ndipo zikavalidwa koyamba ndiye kuti mphunzitsi akuyesa china.

Manambala a liwiro ngati a Andrew Beyer, omwe Daily Racing Form yakhala ikusindikiza kuyambira 1992, kapena malikisi a Timeform yomwe Phil Bull anaiyambitsa mu 1948, ndi othandiza poyerekeza. Timeform inapatsa hatchi yotchedwa Frankel malikisi 147 itapambana mipikisano yake yonse 14. Koma aliyense akuwaona manambalawo, ndiye ali kale mu mtengo wobetchera.

Chachisanu ndi chimodzi: mtengo

Mtengo wa 4/1 ukutanthauza mwayi umodzi pa isanu, 20 pa 100 iliyonse. Ngati kuwerenga kwanu kukuti mwayi wa hatchiyo ndi waukulu kuposa pamenepo, mtengowo ndi wabwino. Ngati ayi, isiyeni ngakhale mukuikonda. Mukaphatikiza mwayi wa mahatchi onse mudzapeza kuti wapitirira 100, ndipo chapamwambacho ndi phindu la obetchetsa. Hatchi yomwe anthu aikhulupirira kwambiri imapambana pafupifupi kamodzi pa katatu. Ambiri obetcha amaluza, ngakhale owerenga bwino, ndiye ngati mubetcha ikani ndalama yomwe ikapita simudandaula. Mukhozanso kungolemba zosankha zanu m'kabuku osaika kalikonse, kukoma kwake kulipobe.

Pamenepa ndi pomwe akamberembere amadikirira. Wina adzakulemberani kuti ali ndi mnzake m'khola la mahatchi, mpikisano unakonzedwa kale, tumizani kenakake akuuzeni dzina. Njira yawo n'njakale: amagawa anthu m'magulu, gulu lililonse n'kulipatsa hatchi yosiyana pa mpikisano womwewo. Gulu limodzi lipambana ndithu, ndipo limenelo ndi lomwe amalilipiritsa kawiri ulendo wotsatira. Zithunzi za matikiti opambana nazo amazikonza pa foni. Munthu wodziwadi mpikisano wokonzedwa sangaugulitse kwa mlendo pa WhatsApp.

Chomaliza: kulengeza

Mipikisano ikuluikulu imadziwika tsiku lake, ndiye konzekerani kudakali nthawi: Kentucky Derby Loweruka loyamba la Meyi, Durban July ku Greyville Loweruka loyamba la Julayi, Melbourne Cup ku Flemington Lachiwiri loyamba la Novembala. Ku Britain mayina otsimikizika a mipikisano ya pabwalo losalala amatuluka kutatsala maola 48, ndiye lembani kawiri: kamodzi mayina akatuluka, kenanso m'mawa mwa tsikulo mutaona nthaka ndi omwe achoka.

Uthenga ukhale waufupi. Bwalo, nthawi, mtunda, nthaka, hatchi yanu, zifukwa ziwiri, ndi imodzi yomwe mukuiopa. Nthawi muilembe pamodzi ndi dziko lake, chifukwa owerenga ali kosiyanasiyana ndipo masana a ku Melbourne ndi usiku kwa ena. Pa Facebook ndi X nkhani ya hatchi imakoka anthu kuposa manambala.

Makanema ndi zithunzi za mipikisano zili ndi eni ake. Mukaziika pa YouTube popanda chilolezo adzazichotsa, mwinanso kutseka tsamba lanu, ndiye ingoikani linki yopita kwa eniakewo. Kampani yobetchetsa ikakupatsani linki yoti muzidyapo, onani kaye ngati ili ndi laisensi, ndipo owerenga muwauze poyera kuti mukulandirapo. Lembani kuti n'za akuluakulu okha. Zomwe zaluza musafufute. Mpikisano ukatha ikani zotsatira pansi pa uthenga womwewo, pamodzi ndi mtengo womwe unalipo pa nthawi yomwe munalemba.