Laser yakuchulukitsirani cheya kumaso? Nthawi yoyambira electrolysis ndi iyi

Asisi anga, nkhani iyi inandigwera ine mwini ndiye ndikulemba kuchokera pansi pa mtima. Ndili ku Joni kwa achemwali anga ndinapangitsa laser, makina owotcha mizu ya tsitsi ndi kuwala, pachibwano chifukwa cha tindevu tingapo tomwe timandisowetsa mtendere, nditapanga katatu ndinabwerera kuno ku Kasungu, ndiye patatha miyezi iwiri tsiku lina m'mawa ndikudzola mafuta pafupi ndi windo ndinangoona kuti kacheya kofewa kaja ka m'masaya ndi pakhosi kasanduka tsitsi lakuda lolimba, penanso malo oti makina aja sanafikepo nkomwe. Ndinalira ndithu.

Achipatala amazitchula kuti paradoxical hypertrichosis. Ambiri amakhulupirira kuti mphamvu ya laser ikachepa, kutentha kuja m'malo mopha muzu wa tsitsi kumangoudzutsa. Zimakonda kumaso ndi pakhosi, ndipo zimagwira kwambiri anthu akhungu loderapo komanso azimayi omwe ali ndi vuto la mahomoni lija la PCOS. Zikakuchitikirani musadzione ngati mwalodzedwa ayi.

Electrolysis ndi njira ina kotheratu. Amalowetsa kasingano kowonda kwambiri m'kabowo ka tsitsi limodzi limodzi, nkutumizamo timagetsi pang'ono kuti muzu ufe. Ndi yakalekale, anaiyamba ndi dokotala wa maso Charles Michel ku St. Louis ku America mu 1875 pochotsa nsidze zobaya m'diso, ndipo ubwino wake siisankha mtundu wa khungu kapena wa tsitsi. Koma imalipiridwa potengera nthawi, ndiye kuyamba pa nthawi yolakwika ndi kutaya ndalama basi.

Choyamba siyani laser pamalo pamene pamera tsitsipo, olo mutakhala kuti munalipiriratu maulendo ena. Kenako dikirani. Tsitsi lomwe laser inaotcha limathothoka lokha pakadutsa sabata imodzi mpaka atatu, ndiye mukathamangira electrolysis nthawi imeneyo mukhala mukulipira kuti akuchotsereni tsitsi loti likanagwa lokha. Khungu nalo lipole kaye, pasakhale kutupa, nkhanambo kapena powawa mukakhudza. Masabata 4 mpaka 6 kuchokera pa laser yomaliza ndiye ochepetsetsa, ine ndinganene kuti miyezi iwiri ndi yabwino kwambiri chifukwa apo tsitsi lodzutsidwa lija limakhala layamba kuonekera ndipo wokupanganiyo amaona bwino kuti ntchito ndi yaikulu bwanji. Koma musati ndidikire chaka kuti lonse lituluke kaye, palibe chomwe mupindule, lotsalalo azilipeza likamatuluka.

Pamene ndinalakwitsa ine ndi pa tuwiza. Madzulo alionse ndimakhala pakhonde ndi kagalasi kanga nkumazula limodzi limodzi mpaka khosi kuchita mawanga, ndiye nditafika kwa mayi wopanga electrolysis anangoyang'ana ndi nyali yake nkundiuza kuti ndibwerere ndikadikire masabata angapo, poti tsitsi lozulidwa singano ilibe polondola. Thiransipoti yanga inapita pachabe. Ndiye kuzula, wax, ulusi, zonsezo ayi. Metani ndi lezala yatsopano kapena dulani ndi kasizasi, kumeta sikuchulukitsa tsitsi, zija timauzana zija ndi zabodza. Kukatsala masiku awiri kapena atatu kuti mupite siyani kumeta kuti litalike kamilimita imodzi kapena awiri, ndipo lomwe latuluka msanga mutametalo ndi limene likukula, lomwenso limafa mosavuta.

Nchifukwa chake ulendo umodzi sukwanira, tsitsi silimera lonse nthawi imodzi, lina limakhala likugona. Poyamba mumapita sabata iliyonse kapena pakatha awiri, kenako maulendo amayamba kutalikirana, ndipo zonse zimatenga chaka mpaka chaka ndi theka. Ngati wokupangani ali kutali, mwachitsanzo ku Lilongwe komwe ndi makilomita opitirira 100 pa M1, werengerani ya minibasi musanayambe, chifukwa kuyamba nkudumphitsa miyezi itatu kumangotalikitsa ntchito.

Mukatha kusankha mwezi, yambani nthawi yachisanu, Meyi mpaka Julayi. Khungu lathuli likavulala pang'ono limasiya mawanga akuda, ndipo dzuwa la Okutobala la kuno ku Kasungu limawadetsa kwambiri. Sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) ya SPF 30 kapena kuposa, chipewa, osakanda nkhanambo. Mafuta oyeretsa khungu aja asiyeni kaye ndipo muwauze kuti mumadzola. Ngati mumachita zipsera zotupa zija zimabwera pambuyo poboola makutu, ngati ndinu oyembekezera kapena muli ndi pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda), nenani asanakukhudzeni. Apempheni ayese kaye kamalo kakang'ono pansi pa chibwano muone mmene papolere, ndipo singano atsegule yatsopano mukuona.

Chinanso, ngati msambo wanu umadumphadumpha kapena ziphuphu zachuluka limodzi ndi ndevuzo, masabata odikirawa agwiritseni ntchito kupita kuchipatala akakuyezeni za mahomoni, chifukwa ngati vuto lili mkati singano izipha lakale pomwe latsopano likumera pambali.