Momwe mungagulire galimoto ya liwiro yomwe yayenda kale mtunda wautali, muli kuno ku Chipata

Subaru ikamadutsa pa Great East Road madzulo, mumayidziwa musanayione. Injini yake imagunda ngati ng'oma, ndipo anyamata a pa Kapata amasiya nkhani n'kutembenuka. Ambiri a ife timalakalaka zoterezi: Impreza WRX, Legacy B4, Altezza, Mark X, Golf GTI. Koma zimene thumba lathu limafikira ndi zija zayenda kale makilomita 150,000 kapena 200,000, zina zadutsa m'manja mwa anthu atatu kuchokera pamene zinatsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kulowa pa Nakonde. Galimoto yotere ndi yogulika ndithu. Ine nambala ya makilomita siyindiopsa kwambiri. Chimene ndimafuna kudziwa ndi mmene mwini wake ankayisamalira, chifukwa injini yamphamvu imakhululuka mtunda koma sikhululuka oilo wakale.

Yambani ndi kugawa ndalama musanaone galimoto iliyonse. Ngati muli ndi ndalama zakutizakuti, gawo limodzi mwa magawo asanu libisidwe, lisalowe m'mtengo wogulira. Limenelo ndi la miyezi itatu yoyambirira: oilo, malamba, mabuleki, matayala, inshuwalansi, road tax ndi kusintha umwini. Ganiziraninso za petulo. A ERB, bungwe la boma loyang'anira za mafuta ndi magetsi, amaunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo V6 kapena injini ya turbo imamwa kuposa Corolla imene munazolowera. Ulendo wa ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 kupita kokha. Werengani malita a ulendo umenewo mtima uli m'malo.

Kenako sankhani mtundu poganizira kumene mukhale mukuyenda komanso kumene mukagule zipangizo. Magalimoto awa ndi ofupika pansi. Ngati kwanu n'ku Vubwi kapena ku Chadiza ndipo mumapitako nthawi ya dzinja, Altezza yotsitsidwa idzasiya bampala m'njira. Zipangizo za Toyota mumatha kuzipeza ku Down Shops kapena kwa ophwasula magalimoto, pomwe za Golf ndi BMW nthawi zambiri mumayitanitsa ku Lusaka, mwina ku Johannesburg, galimoto ili chiimire pabwalo. Ena amadumphira ku Lilongwe poti n'kufupi.

Mtundu uliwonse uli ndi nthenda yake, ndipo muziidziwa musanapite kukaona. Injini za EJ za Subaru zimayendera timing belt, lamba wogwirizanitsa kayendedwe ka mapisitoni ndi mavavu, ndipo iyenera kusinthidwa ikayenda makilomita pafupifupi 100,000. Ikaduka muli pa liwiro, mapisitoni amawomba mavavu ndipo injini imafuna kutsegulidwa yonse. Altezza, yomwe inapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2005, ili ndi mitundu iwiri yodziwika kwambiri: RS200 ya injini ya 3S-GE ya masilinda 4, ndi AS200 ya 1G-FE ya masilinda 6. Yamphamvu ndi RS200, ndipo ndi imene anyamata amayizunza kwambiri. Zonse ziwiri n'za lamba. Mark X ya 2.5 ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, koma injini yake ya 4GR-FSE imaponyera petulo m'silinda mwenimweni, choncho mwaye umaunjikana kuseri kwa mavavu, galimoto n'kumanjenjemera ikaima. Golf GTI ya giyabokosi yosintha yokha magiya yotchedwa DSG imafuna oilo wa giyabokosi watsopano makilomita 60,000 aliwonse. Mwini wake akakuyankhani kuti oilo ameneyo sasinthidwa, mwadziwa kale zimene zakhala zikuchitika.

Tsopano mapepala, ndipo awa muwaone musanakonde galimotoyo. Pemphani white book yeniyeni, buku la umwini wa galimoto, osati fotokope kapena chithunzi cha pa WhatsApp. Dzina lolembedwamo lifanane ndi la pa NRC ya amene akugulitsa. Akati "ndi ya amalume, andituma", auzeni mwaulemu kuti amalumewo abwere kapena mupite nonse kwa iwo. Onani ngati m'bukumo mwalembedwa banki kapena kampani yobwereketsa ndalama monga absolute owner, kutanthauza mwini weniweni, chifukwa zikatero ngongole sinathe ndipo galimoto ikhoza kulandidwa ili m'manja mwanu. Kuyambira pamene lamulo la 2016 la chikole cha katundu wosunthika linakhazikitsidwa, ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, kuli kaundula wa katundu amene anapinyolitsidwa, ndipo mukhoza kufufuzamo. Nambala ya chasisi ndi ya injini muziwerenge nokha pa chitsulo, chilembo ndi chilembo, n'kuyerekeza ndi za m'buku. Pamalo a nambalapo pakaoneka kuti panapalidwa, kuwotcheredwa kapena kupakidwa penti watsopano, tsanzikani.

Ife a kuno tili ndi vuto lina limene a ku Kabwe saliganizira kwambiri: malire ali pakhomo. Mwami ndi apa, Chanida ndi uko kupitirira Katete. Pamabwera magalimoto okongola a manambala a ku Malawi kapena ku Mozambique pa mtengo wokoma, wogulitsa n'kumati za msonkho mudzakonza nokha pambuyo. Galimoto imene sinalipiridwe msonkho ku ZRA sinakhale ya m'dziko muno, ndipo tsiku limene adzakuimitsani, mlandu udzakhala wanu. Chilolezo cha apolisi ndi Interpol chotsimikiza kuti siyobedwa chikhalepo ndalama zisanatuluke m'thumba.

Za makilomita: nambala ya pa dashibodi imabwezedwa, ndipo pa magalimoto ochokera kunja si zachilendo. Ngati galimotoyo yangofika kumene kuchokera ku Japan, pemphani export certificate yake, chifukwa imaonetsa makilomita amene analembedwa pa kuyendera kwa boma la kumeneko. Ngati yakhalitsa kuno, galimoto idzakuuzani yokha. Chiwongolero chosalala ngati mbale, labala wa pa pedo ya buleki wotha mpaka chitsulo, mpando wa dalaivala wophwa mbali yolowera, zonsezi sizigwirizana ndi nambala ya 70,000. Kunena zoona, ndimakhulupirira kwambiri galimoto yolemba 190,000 yokhala ndi malisiti a sevisi m'kabati kusiyana ndi yolemba 80,000 yopanda kapepala n'kamodzi komwe.

Pano ndi pamene ndikufuna mudekhe, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani m'mawa, ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo muwauziretu kuti asalize injini inu musanafike. Mukafika gwirani injiniyo ndi dzanja. Mukapeza yafunda, funsani chifukwa chake. Injini yotentha imabisa zambiri. Isanalire, tsegulani chitsekero cha oilo muone kunsi kwake. Mukaona zoyererako ngati chambiko, madzi akusakanikirana ndi oilo, ndipo kawirikawiri vuto limakhala head gasket, chomatira cha pakati pa mutu ndi thupi la injini. Mukaona phala lakuda lomata, oilo ankakhalitsa. Yang'anani m'radiyeta injini ili yozizira: mukhale madzi a mtundu wake, obiriwira kapena ofiirira, osati madzi a pa mjigo a dzimbiri.

Tembenuzani kiyi koma musalize kaye. Magetsi onse a pa dashibodi ayake, makamaka la injini, la ABS ndi la airbag, kenako azime injini ikalira. Ena amachotsa babu kuti vuto lisaoneke, choncho getsi limene silikuyaka n'komwe likukayikitseni. Polizapo, mmodzi aime kumbuyo aone utsi. Nthunzi yoyera yochepa m'mawa wa June si kanthu. Utsi wabuluu ndi oilo akupsa, ndipo pa galimoto ya turbo ukhoza kutanthauza kuti turbo yatopa. Utsi woyera wambiri wosatha, wa fungo lotsekemera, ndi madzi akulowa m'silinda. Tcherani khutu masekondi oyambirira: kugogoda kolemera kochokera pansi pa injini ndi mabeyaringi, ndipo pa Subaru imeneyo ndi ndalama zambiri. Makaniko wanu ayeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya, ya silinda iliyonse. Manambala akhale oyandikana, asasiyane kupitirira 10 peresenti. Alumikizenso kompyuta, koma akhale ndi makina owerenga magalimoto a ku Japan, poti ena akale sagwirizana ndi timakina wamba.

Ndinaphunzira zimenezi movutikira. Zaka zingapo zapitazo ndinaperekeza mlamu wanga kukaona Legacy ina madzulo, titapeza yatenthetsedwa kale ndiponso yatsukidwa mpaka m'injini. Inalira bwino, tinalipira. Patangopita masabata awiri, tikukwera mapiri a kutsidya kwa mlatho wa Luangwa, singano ya kutentha inakwera ndipo madzi anayamba kubwatamuka. Kutsuka kuja kunali kubisa pamene pankadontha. Mpaka lero mtima umandipweteka, chifukwa ndine amene ndinamuuza kuti ili bwino.

Ikadutsa mayeso amenewa, ikwezeni pa dzenje kapena pa jeke. Fufuzani oilo wodontha, malabala a ma CV joint ong'ambika, mashoko onyowa, ndi zizindikiro za ngozi: chitsulo chokwinyika, zowotcherera zatsopano, zitseko zosalingana mipata. Zochokera ku madera a chipale ku Japan zina zimadyeka ndi dzimbiri kunsi. Matayala ali ndi manambala anayi m'mbali osonyeza sabata ndi chaka chimene anapangidwa, monga 2319 kutanthauza sabata ya 23 ya 2019. Pa Subaru, matayala onse anayi akhale a saizi imodzi ndi kutha kofanana, chifukwa imakoka ndi mawilo onse ndipo kusiyana kwa matayala kumawononga zamkati.

Chenjerani ndi galimoto imene "inakonzedwa kuti izithamanga". Ekizozi yaphokoso, zotsitsa galimoto, kompyuta yoseweretsedwa kuti turbo ipume mwamphamvu, zimakoma m'maso, koma zimakuuzani kuti mwini wake ankayithamangitsa, ndipo simudziwa amene anagwira ntchitoyo. Pa galimoto ya makilomita ambiri, ine ndimasankha imene ili monga inachokera ku fakitale.

Kuyesa pamsewu kusakhale kuzungulira pa Kapata n'kubwerera. Tengani mphindi 30, wayilesi itazimitsidwa. Yambani m'tauni, pa mahampu, mumve kugogoda kwa kunsi. Kenako tulukani njira ya ku Katete kapena ya ku Mwami, mufike pa liwiro lololedwa, muone ngati chiwongolero chikunjenjemera kapena galimoto ikukokera mbali imodzi. Mapiri satisowa kuno, choncho pezani chitunda mukwere mutaponda ndithu, diso lili pa singano ya kutentha. Pa giya ya manja, ikani giya yapamwamba pa liwiro lochepa n'kuponda mafuta. Injini ikakwera mawu galimoto osawonjeza liwiro, kilatchi yatha. Ya otomatiki isinthe magiya mosagunda ndiponso mosachedwa, ndipo DSG isadukize ponyamuka. Pamalo opanda anthu pondani buleki mwamphamvu kamodzi. Mukabwerera, isiyeni ikulira mphindi zingapo mpaka fani iyake, kenako suzumirani pansi.

Pokambirana mtengo, gwiritsani ntchito zimene mwapeza. Makaniko alembe zofunika kukonza ndi mitengo yake, muwaonetse ogulitsa mwaulemu: "Bambo, galimoto ndayikonda, koma lamba ndi matayala zikundidikira, tichotsepo izi." Akakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana ano, musathamange nawo. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni, lembani kalata yogulitsirana yokhala ndi nambala ya chasisi, mtengo, tsiku, ma NRC ndi mboni ziwiri, ndipo pitirani limodzi ku RTSA kukasintha umwini. Ambiri amazengereza pamenepa n'kumayenda zaka ndi white book ya dzina la munthu amene anasamukira ku Solwezi.

Sabata yoyamba, musayambe ndi marimu kapena zokuzira mawu. Sinthani oilo ndi fyuluta, oilo wa giyabokosi ndi wa difu, madzi a radiyeta, mafuta a mabuleki ndi mapulagi. Ngati palibe lisiti yotsimikiza za timing belt, isintheni pamodzi ndi pampu ya madzi ndi zokokera lamba, ngakhale wogulitsa analumbira kuti n'jatsopano. Ndi fumbi lathu la September ndi October, injini ya turbo muziyisinthira oilo makilomita 5,000 aliwonse, muzithira petulo wa pa filing'i siteshoni osati wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo mukafika kuchokera ulendo wautali, isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti turbo izizire musanazimitse.