Kumanga madigadi ndi kaliyala pa njinga: waya kapena bawuti?

Madigadi akagwedera, ambirife timangotola waya kapena mphira n'kumanga. Zimenezo n'zongofikira kunyumba basi. Waya umapala penti, dzimbiri n'kuyamba kudya felemu, ndipo m'mabampu umamasuka pang'onopang'ono. Koopsa kwenikweni n'kutsogolo: madigadi akapindika n'kulowa m'tayala, tayala limaima mwadzidzidzi, wokwera n'kuponyedwa pamwamba pa mahandulo.

Choyamba, fufuzani timabowo tokhala ndi mazinga kumunsi kwa foloko ndi kumbuyo kwa felemu, pafupi ndi pamene tayala limamangidwa. Pa njinga zambiri timalowa bawuti ya mamilimita 5. Tokosani matope, kenako pakani girisi pang'ono pa bawutiyo kuti tsiku lina isadzakane kutuluka.

Chachiwiri, mangani madigadi pamwamba pa foloko, ndiyeno timiyendo take m'timabowo tija, koma osalimbitsa kaye. Apa mpamene pamafunika kudekha. Madigadi akhale otambalala kuposa tayala, ndipo pakati pawo ndi tayala patsale mpata wa sentimita imodzi kapena kuposerapo ponseponse, kuti mwala kapena matope zidutse osakakamira. Nyamulani njinga, zungulizani tayala, mumvetsere. Pakamveka kukhula, kokani kamwendo ka mbali imeneyo mpaka phokoso lithe. Mukatero limbitsani, mutaika washa pansi pa mutu wa bawuti iliyonse.

Kumbuyo, mbali ya tcheni, musaike bawuti yaitali chifukwa imatulukira mkati n'kumakola tcheni.

Nanga felemu ikakhala yopanda timabowo? Pezani tizitsulo topinda ngati chilembo cha P, tomwe timakumbatira foloko n'kutsekedwa ndi bawuti ndi nati. Pano mphira ya chubu chakale ili ndi ntchito yake yeniyeni: dulani kachidutswa, mukulunge pansi pa kachitsuloko kuti kasaterereke komanso kasapale penti.

Timalamba tapulasitiki tomangira tija, tomwe tikakokedwa sitimasukanso, sindititaya. Timagwira bwino nthambo ya buleki kapena kanyali kopepuka, kungoti dzuwa limatiumitsa n'kuduka mosachenjeza. Koma kaliyala musayerekeze n'komwe kumangira waya kapena timalamba. Imasenza katundu, choncho miyendo yonse iwiri ndi pamwamba pake pafunika mabawuti. Makaliyala ambiri amalembedwa malire a kulemera, kawirikawiri makilogalamu 25.

Pakatha sabata, bwererani ndi sipanala pa bawuti iliyonse, chifukwa zomangidwa kumene zimakonda kumasuka masiku oyambirira.